MISOZI YA OWONERA IMAGULA CHIYANI?

Tikakhala pansi kuti tizenge mlandu sewero la mnzathu, sipalephera kudzuka munthu wonena kuti luso lilimo ndithu, koma agogo ake kumudzi sangatolemo kanthu. Iyeyo asanakhale n'komwe, wina amamubweza kuti zisudzo si phala la khanda loti lichite kusefedwa. Ndiye pamakhala wachitatu, uja amakonda mpando wakumbuyo, wofunsa motsitsa mawu ngati sewerolo silikugunda ndale. Timakangana mpaka dzuwa kulowa, aliyense n'kubwerera kuchipinda kwake ndi maganizo omwe adabwera nawo.

Mkangano umenewu si wathu tokha. Ku Britain udatentha kwa zaka pafupifupi 20 kuyambira m'ma 1960, ndipo kumeneko unkakhudza masewero amene anthu mamiliyoni ankaonera pa wailesi yakanema usiku umodzi, pa ola limodzi. Ubwino wa nkhani ya kumeneko ngwakuti papita nthawi, fumbi lidakhazikika, kotero tingathe kufunsa funso limene pa masewero athu a m'holo limativuta kuyankha: anthu ataonera, atalira, chidachitika nchiyani? Pounika masewero angapo a nthawi imeneyo, ine ndaona kuti yankho limatsata kwambiri chinthu chimodzi chomwe pokangana timachilumpha, ndicho munthu amene mlembi wamusankha kuti avutike pamaso pathu.

Tiyambe ndi sewero lotchuka koposa onse, Cathy Come Home, limene BBC idaonetsa Lachitatu pa 16 Novembala 1966. Adalemba ndi Jeremy Sandford, wotsogolera anali Ken Loach, ndipo woyang'anira ntchito yonse anali Tony Garnett. Lidatuluka m'ndandanda wa masewero wotchedwa The Wednesday Play, umene udayamba mu 1964 pamene mkulu wa zisudzo ku BBC anali Sydney Newman, munthu wochokera ku Canada yemwe ankafuna masewero okamba za moyo wa anthu a masiku omwewo. Tikumbukire kuti munthu wa ku Britain akayatsa kanema wake nthawi imeneyo ankasankha pa zitatu zokha: BBC1, BBC2 ndi ITV. Sewero la Lachitatu linkabwera nkhani za madzulo zikangotha, ndipo Loach adanenapo kuti iwo ankafuna kuti owonera alitenge ngati kupitiriza kwa nkhanizo. Usiku umenewo adaonera anthu pafupifupi 12 miliyoni, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi pa anayi alionse m'dzikomo.

Nkhani yake njosavuta kutsata. Cathy afika ku London pokwera matola, akumana ndi Reg, dalaivala wa lole wolandira bwino, akwatirana, achita lendi nyumba yamakono. Cathy aima. Reg achita ngozi, ndalama zidukiza, ndipo nyumba ija eni ake salola ana. Kuchokera apo ndi mtsetse wokhawokha. Akadziphatika kwa mayi ake a Reg m'kanyumba kothina mpaka Cathy ndi apongozi ake ayambana. Apeza malo kwa gogo wina wachifundo amene sawavutitsa akachedwa ndi lendi. Gogoyo amwalira, wachibale wake abwera kudzafuna ngongole yonse, ndipo anthu a khoti aphwanya chitseko n'kuwatulutsa. Akakhala m'kalavani pa malo amene anthu oyandikana nawo sakuwafuna, mpaka usiku wina moto ubuka, ana a eni n'kupsera momwemo. Akabisala m'bwinja la nyumba. Potsiriza Cathy ndi ana ake atatu alandiridwa ku hositelo ya khonsolo, kumene lamulo likuti mwamuna asagoneko. Reg azingobwera kudzacheza n'kumapita. Banja litha choncho, popanda ndeu, popanda chibwenzi chamseri. Nthawi yololedwa kukhala ku hositelo ikwana, ndipo pa siteshoni ya sitima akuluakulu oona za chisamaliro cha ana amulanda Cathy ana ake iye akukuwa.

Amene amati sewero lomveka kwa aliyense limakhala lopanda luso akaonere limeneli. Masewero ambiri a pa kanema nthawi imeneyo ankajambulidwa m'nyumba, ndi makamera olemera, anthu atayima pakati pa makoma a mapulanga n'kumayankhulana. Troy Kennedy Martin adali atadandaula kale za chizolowezi chimenechi mu 1964 m'magazini ya Encore, kuti kamera yasanduka kapolo wongoloza nkhope ya woyankhula. Loach adatenga kamera yopepuka ya filimu ya 16mm n'kupita nayo m'misewu. Chithunzi chimagwedera, mawu ena amamira m'phokoso, ndipo pamwamba pa zithunzi za Cathy ndi Reg timamva mawu a anthu osaoneka akusimba za makoswe, za chinyontho cha m'makoma, za zaka zimene akhala pa mndandanda wodikira nyumba. Mawu enanso, ozizira ngati a wowerenga nkhani, amatchula ziwerengero za kusowa kwa nyumba. Kotero nkhani ya banja limodzi imayenda itabereka nkhani ya mabanja zikwizikwi kumsana. Carol White, amene adali Cathy, sachita ngati munthu wodziwa kuti akujambulidwa. Pa chochitika chomaliza chija kamera ili patali, anthu a paulendo akungodutsa, ena kucheuka pang'ono n'kupitiriza ulendo wawo, ndipo kusalabadira kwawoko kumapweteka kuposa kukuwa kwa mayiyo.

Luso lomweli ndi limene lidabweretsa dandaulo loyamba, ndipo dandauloli sindikufuna kulipeputsa. Grace Wyndham Goldie, amene adatsogolerapo nthambi ya nkhani za tsiku ndi tsiku ku BBC komweko, adalemba m'nyuzipepala kuti si bwino kusakaniza zoona ndi zopeka motere. Mtolankhani akanama, ungamufunse umboni. Wolemba sewero akavala malaya a mtolankhani, n'kutchula ziwerengero pakati pa misozi, woonera adziwa bwanji pamene pathera umboni ndi pamene payambira kupeka? Funsoli nlolemera. Makhonsolo ena adadandaula kuti antchito awo adaonetsedwa ngati anthu opanda mtima. Komabe palibe amene adatha kutsutsa kuti mahositelo olekanitsa mwamuna ndi banja lake adalikodi, ndi kuti ana ankatengedwadi kwa makolo pa chifukwa chosowa pokhala.

Nanga misozi ya anthu 12 miliyoni ija idagula chiyani? Anthu ambiri amati seweroli lidabala bungwe la Shelter lothandiza osowa pokhala. Zoona zake nzakuti bungwelo lidali litakonzedwa kale, ndipo lidangokhazikitsidwa pa 1 Disembala 1966, masabata awiri seweroli litaonetsedwa. Mwayi wake udali wakuti lidapeza mitima ya anthu ili yofewa kale. Makhonsolo ena adasiya kuthamangitsa amuna m'mahositelo. Sewerolo lidabwerezedwa mu Januwale 1967. Koma lamulo lokakamiza makhonsolo kupezera nyumba mabanja osowa pokhala lidadza mu 1977, patapita zaka 11, ndipo lidadza ndi chipata chopapatiza. Kuti uthandizidwe unkayenera kukhala m'gulu la ofunika thandizo msanga, monga mabanja a ana, komanso usakhale munthu amene wadzisowetsa pokhala mwadala. Mawu akuti "mwadala" amenewo ndiwo ndikufuna tiwayang'anitsitse, pakuti mzimu wake uli kale m'sewero muja.

Taonani mmene Sandford adamuumbira Cathy. Ndi wamng'ono, ngwokongola, ngwaukhondo, amakonda ana ake. Reg samwa, samenya mkazi, satchova njuga, adavulala, basi. Gogo uja adamwalira, basi. Pa khwerero lililonse la mtsetse wawo mlembi adatseka bwinobwino kabowo kalikonse kamene woonera akadathawirapo ponena kuti "adaziyamba okha". Apa mpamene pali mphamvu ya seweroli, chifukwa mphunzitsi, wansembe, mwinisitolo, wa chipani cha Labour ndi wa Conservative yemwe, onse adatha kunena kuti zikadatha kugwera mwana wawo. Koma apanso mpamene pali msampha. Sewero likatiphunzitsa kulirira munthu chifukwa ngwosalakwa, latiphunzitsanso mwakachetechete kuti wolakwako pang'ono, chidakwa, mayi waukali pakamwa, mnyamata wotuluka kundende, angathe kugona panja ife osataya tulo. Nyumba imasanduka mphotho ya khalidwe labwino. Sindikunena kuti aphungu a 1977 adakopera lamulo lawo ku sewero. Kusiyanitsa mmphawi woyenera thandizo ndi wosayenera ndi khalidwe lakalekale ku England. Ndikunena kuti seweroli lidapambana poyenda m'njira yomwe khalidwelo lidalambula kale, osaitseka.

Chinanso nchakuti m'sewero lonseli mulibe wolakwa wogwirika. Alipo akalaliki ouma mtima ndi malamulo opusa, koma funso lakuti nchifukwa chiyani dziko lolemera chotero lidalibe nyumba zokwanira, mwini nthaka ndani, amapindula ndi lendi ndani, silifunsidwa. Loach ndi Garnett adaliona okha vutoli. Adanena m'zaka zotsatira kuti andale a mbali zonse adawasisita pamsana n'kuwayamika, ndipo iwo adazindikira kuti sewero limene aliyense waudindo angaliyamike ndiye kuti silidaloze aliyense chala. M'chaka cha 2000, pamene British Film Institute idafunsa akatswiri kuti asankhe mapulogalamu 100 opambana a ku Britain, Cathy Come Home idakhala yachiwiri. Lidasanduka chuma cha fuko, chinthu chonyadira, pamene mabanja akadali kusungidwa m'zipinda zongoyembekezera.

Atafuna kuloza chala, adaona zina. Mu 1975 anthu awiri omwewa, pamodzi ndi mlembi Jim Allen, yemwe adagwirapo ntchito mumgodi ndi pa zomangamanga, adatulutsa Days of Hope, mafilimu anayi otsata banja limodzi kuyambira 1916, mkati mwa nkhondo yaikulu yoyamba, kufikira sitalaka ya dziko lonse ya mu Meyi 1926. Ben alowa usilikali, atumizidwa ku Ireland, pambuyo pake athawa n'kugwirizana ndi anthu a m'migodi ya malasha ku Durham, ndipo potsiriza alowa chipani cha Chikomyunizimu. Mlamu wake Philip akana kumenya nkhondo chifukwa cha chikumbumtima, kenaka akhala phungu wa Labour. Mfundo ya Allen njosabisika: sitalaka ya 1926, imene idatha patangopita masiku 9 anthu a m'migodi n'kusiyidwa okha kwa miyezi, idagulitsidwa ndi atsogoleri a mabungwe a apantchito eniakewo. Apa tsono panalibe wowasisita pamsana. Nyuzipepala zidalemba ndemanga zaukali, BBC idanenedwa kuti yataya kusakondera, ndipo anthu adakangana masabata ngati nzoona kuti msilikali wokana nkhondo ankamangiriridwa pamtengo pamalo ofika zipolopolo za adani, monga filimu yoyamba idaonetsera.

Chimene chimandiseketsa ndi ichi. Chaka chomwecho cha 1975, ITV inkaonetsa chigawo chomaliza cha Upstairs, Downstairs, sewero lokondedwa la banja lolemera la Bellamy ndi antchito awo a m'nyumba. Nalonso lidafika pa sitalaka ya 1926. M'menemo mwana wa bwana adzipereka kuyendetsa basi kuti sitalaka isaphule kanthu, ndipo Hudson, mkulu wa antchito, akhala wapolisi wongothandizira. Sitalaka yomweyo, chaka chomwecho, koma yoonedwa kudzera pa zenera la nyumba ya bwana. Limeneli silidadzutse mfuwu wakuti kanema walowa ndale. Lidali sewero labwino la Lamulungu madzulo. Zikuoneka kuti sewero limatchedwa landale pamene ndale zake zasiyana ndi za woweruzayo. Zikagwirizana, amangoti nkhani yokoma.

Pamene a kumanja ankati Days of Hope yanyanya, ophunzira a kumanzere ankati yaperewera, ndipo gawo ili ndi lathu, ife a pasukulu. M'magazini ya Screen, Colin MacCabe adali atalemba mu 1974 kuti filimu yotsanzira moyo weniweni ili ndi chilema chobadwa nacho: ampangankhani angatsutsane mmene angathere, koma kamera imakhala pamwamba pa onse ngati mfumu yogamula, kuonetsa woonera "zoona" zomwe iye sangazifunse. Woonera amangolandira, sagwira ntchito. Colin McArthur adayankha ndi chitsanzo chochokera mu Days of Hope momwemo. Mwinimgodi waitana anthu a mumgodi kunyumba kwake, akuwalankhula mokoma za mwambo wa ku Britain wosintha zinthu mwamtendere, pamene kumbuyo kwake asilikali amene abwera kudzawopseza anthuwo akuphunzira kubaya ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti. Kodi kumeneku si kuonetsa kutsutsana kwa zinthu? MacCabe adabweza kuti ayi: chithunzicho chatigamulira kale kuti bwanayo ngwabodza, ife tangotsala kugwedeza mutu.

MacCabe adagwira kanthu, ndipo aliyense wolemba sewero lophunzitsa ayenera kumumva. Koma taonani kumene mkanganowo udachitikira. Anthu ankakangana za mmene angamasulire maganizo a munthu wa mumgodi, m'chinenero chofuna kuti uyambe wawerenga Brecht, Althusser ndi Lacan, m'magazini imene munthu wa mumgodiyo sadaigwirepo. Ndipo ngakhale Days of Hope yeniyeniyo, tinene zoona, imafuna chipiriro. Filimu yachinayi imapitirira maola awiri, nthawi yambiri tili m'zipinda zodzaza utsi wa fodya, amuna a majekete akukambirana za ziganizo za komiti. Allen adatchula wolakwa, koma pomutchula adataya ena mwa anthu aja adalirira Cathy.

Alipo amene adaonetsa kuti mpanda wa pakati pa kuganiza ndi kusangalala ungagwetsedwe. John McGrath ndi gulu lake la 7:84 (dzinali likuchokera pa chiwerengero chakuti anthu 7 pa 100 alionse adali ndi 84 pa 100 ya chuma cha dziko) adayendayenda m'maholo a m'midzi ya kumapiri a Scotland mu 1973 ndi sewero la The Cheviot, the Stag and the Black, Black Oil. Likusimba za anthu amene adathamangitsidwa pa nthaka yawo kuti pakhale nkhosa, kenaka nyama zoti olemera azisaka, kenaka makampani a mafuta. Lidaumbidwa ngati macheza a usiku a anthu akomweko, nyimbo, nthabwala, gule, wosewera kuvula chipewa cha bwana n'kuvala cha mlimi anthu akuona, wina n'kuwerenga umboni wa m'mabuku a mbiri. BBC italionetsa mu 1974 m'ndandanda wa Play for Today, idajambula ndi owonera omwe, nkhalamba zikuyimba nawo m'chinenero chawo cha Gaelic. Zimene a Screen ankafunafuna m'mabuku a ku Paris, McGrath adazipeza m'chikhalidwe cha anthu a kumudzi. Amene adayendapo ndi Travelling Theatre sadzadabwa nazo.

Za masewero oletsedwa ndingodutsapo. The War Game ya Peter Watkins, yoonetsa Britain itagwetseredwa bomba la nyukiliya, idapangidwa mu 1965, BBC n'kuitsekera, ndipo idaoneka pa kanema mu 1985, ngakhale idali italandira mphotho ya Oscar. Brimstone and Treacle ya Dennis Potter idachotsedwa mu 1976 n'kudzaoneka mu 1987. Alasdair Milne, amene adailetsa, adavomera kuti idalembedwa mwaluso koma adati njonyansa. Scum, ya Roy Minton ndi Alan Clarke, yokamba za nkhanza m'ndende za anyamata, idapangidwa mu 1977 n'kudikira mpaka 1991. Mu 1968, chaka chomwe kuno kwathu kudakhazikitsidwa lamulo lobala Censorship Board, ku Britain adathetsa mphamvu ya Lord Chamberlain younika masewero a m'holo asanaonetsedwe. Koma pa kanema lumo silidafune lamulo. Mkulu mmodzi ankangonena kuti sewero nlowopsa kwambiri, kapena kuti laonjeza, kapena kuti likufanana kwambiri ndi nkhani zoona, n'kuliika m'kabati. Mawu oletsera ankakhala a luso ndi ulemu. Mawu akuti ndale sankatchulidwa.

Sewero limene ine ndimaliika pamwamba pa onsewa ndi Boys from the Blackstuff, la Alan Bleasdale, limene BBC2 idaonetsa m'zigawo zisanu mu 1982, chaka chimene malova ku Britain adapitirira 3 miliyoni, Margaret Thatcher ali nduna yaikulu. Amuna asanu a ku Liverpool, amene kale ankathira phula m'misewu, ali pa ulova. Bleasdale sadawasambitse. Amalandira ndalama za boma zothandizira malova kwinaku akugwira maganyu mobisa, kumene kuli kuphwanya lamulo. Amanama, amatukwana, amakangana ndi akazi awo. Yosser Hughes, amene Bernard Hill adamusewera, ndi munthu woti mutakumana naye pa mseu mungawolokere tsidya lina. Amagunda anthu ndi mutu. Amayenda mumzinda ana ake atatu ali pambuyo ngati anapiye, kuuza aliyense wogwira ntchito kuti iyenso angaithe ntchitoyo, ampatse. Nayenso, monga Cathy, alandidwa ana. Koma pamene kwa Cathy tidali otsimikiza kuti akuluakulu aja akulakwa, kwa Yosser sitingalumbire. Mwina anawo ali bwino kutali naye. Ndipo timalirabe. Bleasdale akutikakamiza kumvera chisoni munthu amene sitingamuikire umboni, ndi kuona kuti ulova ukamudya munthu sumusiya ali wofatsa ndi womvetsa chisoni, umamusiya ali woopsa.

Pa kumveka, seweroli silidapereweretu. Lidabwerezedwa pa BBC1 patangopita masabata ochepa, ndipo pempho la Yosser lofuna ntchito lidalowa m'kamwa mwa anthu dziko lonse. Nthabwala zake nzakuthwa, chinenero nchomwe chimayankhulidwa m'misewu ya Liverpool. Koma silidabale bungwe, silidasinthe lamulo, ndipo mu 1983 Thatcher adapambananso chisankho ndi mipando yochuluka kuposa kale. Wina anganene kuti pamenepa ndiye lidalephera. Ine ndikuti tiyenera kusankha chimene tikuyeza. Tikayeza ndi malamulo osinthidwa, Cathy apambana. Tikayeza ndi kukula kwa bwalo la anthu amene woonera wavomera kuti ndi anthu anzake, Yosser adalikuza kuposa.

Nkhaniyi sidathere m'zaka zimenezo. Kuyambira pa 1 mpaka pa 4 Januwale 2024, ITV idaonetsa Mr Bates vs The Post Office, lolembedwa ndi Gwyneth Hughes, Toby Jones akusewera Alan Bates. Pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa timapositi ofesi adapezeka olakwa pa milandu ya kuba ndi kusokoneza mabuku, pamene cholakwa chidali cha makina a kompyuta otchedwa Horizon, opangidwa ndi kampani ya Fujitsu, amene ankaonetsa kuti ndalama zasowa zisadasowe. Nkhaniyi sidali yachinsinsi. Magazini ya Computer Weekly idailemba mu 2009. Mu 2019 anthu 555 adapambana ku khoti lalikulu. Mu 2021 khoti la apilo lidafafaniza zigamulo 39 tsiku limodzi. Dziko lidangoyasamula. Sewero litaonetsedwa, anthu oposa 1 miliyoni adasayina kalata yofuna kuti Paula Vennells, mkulu wakale wa Post Office, alandidwe ulemu wa CBE, ndipo iye adaubweza. Pa 10 Januwale nduna yaikulu Rishi Sunak idalengeza lamulo lofafaniza zigamulozo pamodzi, ndipo lamulolo lidakhazikika mu Meyi chaka chomwecho. Zimene atolankhani ndi maloya adazikankha kwa zaka 15, sewero la maola anayi lidazigwetsa m'masiku 10.

Ndani angadandaule ndi zotere? Anthu osalakwa adayeretsedwa maina, ndipo sewerolo lidalukidwa bwino, nkhani yovuta ya makompyuta ndi makhoti n'kukhala yomveka kwa wina aliyense. Komabe taonani amene tikuwalirira: eni timasitolo a m'midzi yokongola, okhoma msonkho, ophikira anansi makeke, mizati ya mudzi. Hughes adalimba mtima pang'ono poonetsa mayi amene, chifukwa cha mantha, adasayinira ziwerengero zabodza n'kuvomera mlandu ku khoti. Koma ife owonera tidaona ndi maso athu ndalama zikuchuluka zokha pa kompyuta, ndiye mtima wathu sudagwedezeke. Ndi Cathy yemwe uja, wabweranso patapita zaka 57, ndipo mphamvu yake sidathe. Aphungu a zipani zonse adaimirira kuyamikira seweroli, monga adachitira mu 1966, ngakhale kuti zipani zitatu zazikulu zonse zidakhalapo ndi nduna zoyang'anira Post Office m'zaka zimene anthuwa ankamangidwa.

Chasintha ndi msika. Mu 1966 Garnett ankatha kubisa sewero lake kwa mabwana mpaka tsiku loonetsa litayandikira, ndalama zili za msonkho wa owonera, omvera ali okonzeka kale chifukwa kolowera kwina kunali kochepa. Play for Today, imene idalowa m'malo mwa sewero la Lachitatu mu 1970, idaonetsa masewero oposa 300 isanathe mu 1984, ndipo ambiri mwa iwo adali a alembi oyamba kumene, ena abwino, ena oipa ndithu. Masiku ano sewero la pa kanema limadya ndalama zambiri, kotero limayenera kugulidwa ndi maiko akunja kuti libweze zimene lidadya. Miyezi ingapo Mr Bates itagwedeza Nyumba ya Malamulo, Kevin Lygo, mkulu wa mapulogalamu ku ITV, adaulula kuti kampaniyo idaluza pafupifupi mapaundi 1 miliyoni pa seweroli, popeza ogula akunja sadaone chowakhudza m'nkhani ya mapositi ofesi a ku Britain. Limeneli ndi sewero la anthu osalakwa, lokondedwa ndi aliyense, limene lidasintha lamulo. Tsono mlembi amene lero angalowe mu ofesi yomweyo atanyamula nkhani ya lova wa ku Liverpool wogunda anthu ndi mutu, ayambira pati pofotokoza kuti ndalamazo zidzabwerera bwanji?